A Funsani Amasula Kuwala kwa m'Foni

Inu, minibasi iyi musaiyang'ane ngati inyamuka tsopano. Awo akhala kutsogolowo si apaulendo ayi, ndi anzake a kondakitala, awaika dala kuti ife tiziti yatsala pang'ono kudzadza. Tsono khalani bwino, nkhuku yanuyo muichotse pamwendo panga, ndikuuzeni za a Funsani, akalipentala aja amakhoma zitseko kuseri kwa msika uno wa Namadzi.

Dzina n'Funsani, koma chibadwire munthu uja sanafunsepo kanthu. Ukamawauza chinthu umangofika pakati, iwo agwedeza kale mutu: "Ndamva, ndamva, zimenezo n'zathu zomwe." Anakwatira ku Mikolongwe, kwa a Nabanda, ndipo pamudzi paja akhalitsapo moti mango anabzala akubwera kumene aja pano akugwetsera nthambi padenga. Komabe mkamwini ndi mkamwini. Wowakumbutsa zimenezo analipo, a Job, mchimwene wa a Nabanda, mwinimbumba, munthu amene mimba yake imafika pamaliro iye akadali m'njira.

Nkhondo ya awiriwa inali pa mwana mmodzi, Tikhala. Mtsikana uja anakhoza sukulu mpaka sukulu za kuno zinamuthera, anthu a ku Korea n'kumuitana kuti akapitirize kwawo. A Funsani amati nzeru zimene zija n'zawo, zochokera m'mutu woyeza matabwa. A Job amangoseka.

"Alamu, tambala ndi wobwereka. Anapiye ndi a mwini thadzi."

"Tambala akakhala wopusa, anapiye sapita ku Korea," amayankha a Funsani, koma chapansipansi, poti malo amangapo nyumbawo ndi a eni.

Tsiku lina Tikhala anatumiza foni. Foni yake, inu, galasi lokhalokha, yotakata ngati chikhatho, yopyapyala ngati bisiketi. Vuto linali limodzi. Pamudzi paja netiweki imapezeka malo amodzi okha, pamwamba pa chulu chili kuseri kwa khola la mbuzi. Ukatsika phazi limodzi, yathawa. Ndiye m'mamawa wina dzuwa lisanakwere, a Funsani anakwera chulu chija n'kumuimbira mwana wawo.

"Iwe Tikhala, anthu akundifunsa kutchalitchi. Kumeneko ukuphunzira chiyani kwenikweni? Udokotala wa anthu kapena wa ng'ombe?"

"Ayi ababa, ine ndi za kuwala. Galasi la foni mwagwiralo lili ndi timadontho tambirimbiri, kalikonse kamadziyakira kokha ngati chiphaniphani. Timapangidwa ndi zinthu zimene timati oganiki..."

"Oganiki. Ndamva, ndamva."

"Simunamve ababa, dikirani. Kuwala kumene timadonthoto timapanga, kochuluka sikutuluka. Tikakugawa pasanu, gawo limodzi lokha ndilo limafika m'maso mwanu. Kwinako kumagunda galasi n'kubwerera m'kati, kumangozungulirazungulira momwemo mpaka kusanduka kutentha, batire n'kumathera chabe. Ntchito yanga n'kukutsegulira njira kuwalako. Galasi losalala kwambiri limakutsekera, ndiye ife timaikapo timabampu ting'onoting'ono..."

"Kulikhakhalitsa."

"Eya, koma timabampu take tosaoneka ndi maso, timapanga ndi makina a..."

"Ndamva, ndamva. Zathu zomwe."

Pa zonse zimene mwana uja analankhula, a Funsani anatsika chulu atanyamula mawu awiri, oganiki ndi kukhakhalitsa. Tsono oganiki kwathu kuno timamudziwa. Ndi mawu aja alangizi a zaulimi amanena akamatiuza kuti feteleza wadula, tizithira manyowa. Lamulungu lotsatira, mapemphero atangotha, a Funsani anaimika anthu pakhomo la tchalitchi n'kuwauza kuti mwana wawo akupanga magetsi ndi manyowa.

A Job anagwira mimba yawo kuti isagwe ndi phwete.

"Ndiye mwana wanga anakwera ndege kukaphunzira ndowe? Khola langa ladzadza mpaka pakhomo. Akanangobwera ndi khasu, digiri ndikanamupatsa ndekha."

Sipanapite nthawi, Tikhala anaimbanso ndi nkhani yaikulu. Ntchito yake ija inapambana ya anzake onse, ndipo kusukulu kwawo anakonza mwambo womupatsa mphoto. Mnzake Easter, mtsikana wa ku Zomba amene amaphunzira naye kumeneko, adzaimba pa vidiyo kuti akumudzi aonere zonse zikuchitika. Adzamupatsanso mpata woti alankhule, athokoze amene akufuna kuthokoza.

"Kuno kudzakhala madzulo, ababa, koma kwanuko dzuwa lidzakhala pamutu. Mudzakhale pamthunzi."

Mthunzi a Funsani sanaumve. Anamva zothokoza. Tsiku lomwelo anaitana mudzi wonse, amayi a kwaya, abambo a pabawo, anzawo a pamsika pano, ngakhale mkulu wina amene sanalankhulane naye chiyambire nkhani ya mbuzi yodya nandolo. Kwa a Job anapita okha, atavala jekete.

"Alamu, mudzabwere msanga mudzakhale kutsogolo. Mudzamve nokha amene mwana adzamutchule."

"Ndidzabwera," anatero a Job. "Inu mudzatenge kampango kopukutira misozi."

Masana a tsiku lotsatira a Funsani anati ayeserere. Anakwera chulu dzuwa lili paliwombo, kuyatsa foni, kuyang'ana. Mdima. Chimene anaona pagalasi paja ndi mphuno zawo zomwe, ziwiri, zikuwayang'ana. Anakweza kuwala mpaka pamapeto monga Tikhala anawalangizira. Zithunzi zinayamba kuoneka ngati mizukwa, koma foni inatentha ngati mbatata yootcha, ndipo batire inayamba kutsika iwo akuiona, ngati madzi m'ndowa yobooka.

A Nabanda anali pansi pa chulu akupeta chimanga.

"Abambo a Tikhala, bwanji osangomufunsa mwiniwake?"

"Ndifunse mwana wobala ndekha? Zimene akuphunzira kumeneko anandiuza zonse. Kuwala kulimo, kwangotsekeredwa. Komanso foniyi chibwerere sinadyepo."

"Sinadye chiyani?"

"Zachimuna izi, Nabanda."

Inu, tamverani. Munthu wamkulu, wa imvi, woti pamaliro amamupatsa mpando, anatenga foni ija n'kuikwirira pakati pa thumba la manyowa a mbuzi, kuti oganiki wa m'katimo akhute. Anamanga thumba bwinobwino, kupalasa njinga, kubwera kuno kuntchito osauza munthu.

A Nabanda thumba limene lija anali atalikonzera kudimba. Anasenza, kulowa njira ya kudambo, kudutsa pamjigo pomwe amayi anali pamzere ndi zidebe. Atangofika pamenepo, netiweki imene chikhalire sinafikepo kumjigo inasochera n'kufika, ndipo Tikhala anaimba. Foni ija a Funsani anaiika kuti ikamaitana iziimba nyimbo ya kwaya, komanso izinjenjemera. Ndiye tangoganizani, thumba la manyowa lili pamutu pa munthu, layamba kunthunthumira, kenako mawu a amayi makumi angapo akutuluka m'katimo, mabesi ndi matena omwe. A Nabanda analiponya uko, iwo uku. Amayi ena anathawa kusiya zidebe. Ena awiri anagwada pomwepo m'matope n'kuyamba kuvomereza nyimbo. Gogo wina wosamva bwino anafunsa ngati mwambo wa maliro wayamba, ndipo wamwalira ndani.

Madzulo a Funsani pofika anapeza foni ili pakhonde, pa tsamba la nthochi, ntchentche zikuichitira msonkhano. A Nabanda anangowaikira madzi osamba ozizira. Foni ija kuwala sikunasinthe, koma fungo linasintha, moti mbuzi zikaiona zimabwera kudzaipatsa moni.

Wina akanaleka pomwepo. Koma paja akuluakulu anati galu wakuba mazira, ukamumenya amaganiza kuti walakwitsa nthawi. A Funsani anaganiza kuti cholakwika n'chakuti anayambira kumchira. Mwana anati chiyani? Galasi losalala limatsekera kuwala. Nanga mu Chiradzulu monse muno, ndani amadziwa kukhakhalitsa ndi kusalaza chinthu kuposa iwo? Ku Korea akuchita kugula makina, iwo sandipepa ali naye m'thumba la jekete.

Anayamba ndi wosalala uja wotsirizira matebulo. Kupala pang'ono, kupemerera, kuyang'ana. Palibe chasintha. Anati awa ndi manyazi chabe, natenga wokhakhala uja amapalira zitseko za bulugamu. Anapala chopingasa, anapala chotsika, akuimba kamluzu. Atapukuta ndi malaya, galasi lonse linali mbuu, ngati phiri la Chiradzulu m'mawa wa chiperoni. Chithunzi cha Tikhala chimene chinali pamenepo chinasanduka chinthu chooneka ngati dzungu lovala mpango.

Apa zinthu zinavuta. Mwambo unali mawa lake. Thobwa anali atafulula kale, mbuzi imodzi inali itamangidwa payokha ikudziwa chimene chikubwera. A Funsani anakhala pakhonde, foni ili pabondo, thukuta likutsika ngakhale kunali kamphepo.

"Bwanji, yakhutanso?" anafunsa a Nabanda akudutsa ndi nkhuni.

"Ili pakati pa ntchito. Chitseko sachiweruza chisanapakidwe."

Atangonena mawu amenewo, nzeru inabwera. Thabwa ukalipala limatuwa, ukalipaka vanishi limawala. M'mawa wa tsiku la mwambo anatsegula chitini, kuviika burashi, kupaka kamodzi. Ndipo inu, musaseke, zinatheka. Vanishi uja analowa m'mikwingwirima monse, chifunga chinachoka, dzungu lija linabwerera kukhala Tikhala. A Funsani anavina okha kuseri kwa nyumba, kavinidwe kamene sanavinepo chikwatire. Kenako anati chabwino chimafuna chinzake, napakanso kachiwiri, mokhuthala. Anaiika padenga la khola kuti iume, ataisiya choyaka mpaka pamapeto kuti aziona mmene kuwala kukutulukira. Zoti ikanakhala pa chaja ya sola nthawi imeneyo, zinawadutsa.

Dzuwa litakwera, anthu anali atadzadza kuzungulira chulu ngati pamsonkhano wa chipani. Amayi a kwaya anavala yunifolomu. A Funsani anakhoma timitengo tinayi pamwamba pa chulu, kufunditsapo bulangete lawo la ukwati ndi zitenje za a Nabanda, kuti pakhale kamdima. M'kachisakasa kameneko mumangokwana mitu itatu. Analowa iwo, analowa a Nabanda, kenako a Job, amene mimba yawo inatsala panja ikuyang'ana anthu.

"Ife tiziona bwanji?" anafunsa wina m'khamu muja.

"Tizikuuzani," anayankha a Funsani m'katimo.

Foni inaimba nyimbo yake ija. Amayi awiri aja anagwada pamjigo anayang'ana kumbali. A Funsani anaika chala pagalasi kuti ayankhe, chala chinakhala pomwepo. Vanishi anali asanaume. Pamwamba pake panali patamatirira gaga, nthenga ya nkhuku, ndi ntchentche imodzi imene inali ikupalasabe miyendo. Anakoka chala, kupaka china, kukoka, kupaka china, mpaka foni inatopa n'kuvomera yokha.

"Moni ababa," anatero mawu a Easter, patali ngati ali m'chitsime. "Mwambo wayamba. Mukuona?"

"Tikuona bwinobwino," anatero a Funsani.

"Tikuona chiyani?" anafunsa a Job. "Ine ndikuona nthenga."

"Kumanzere kwa nthengako, alamu. Icho chikuyendacho."

"Imeneyo ndi ntchentche."

Panja anthu anali akufunsa. "Wavala chiyani? Wanenepa?"

"Wanenepa," anakuwa a Funsani. "Wavala zoyera."

"Ali ndi mapiko," anawonjezera a Job.

M'kachisakasa muja munatentha ngati mu uvuni wa njerwa, fungo la vanishi litasakanikirana ndi la mbuzi ndi la anthu atatu. A Job anatopa.

"Bweretsani kuno. Ngati maso atikanika, makutu tili nawo."

Analanda foni ija n'kuikanikiza kukhutu. Tsono a Job ali ndi ndevu zija zimayambira m'makutu n'kutsikira m'masaya, zimene amazipesa Lamulungu lililonse. Foni inafika pamenepo n'kupeza kwawo. Nthawi yomweyo, ku Korea kuja, Easter anali atapita ndi foni yake kwa a Pulofesa, mkulu amene amaphunzitsa Tikhala, kuti apereke moni kwa makolo. Mkulu uja anawerama mwaulemu monga amachitira kwawo, n'kuyang'ana. Anaona phanga lakuda lomera udzu.

"Pepani," anatero Easter, "kaya ndi ndani, koma kuno tikuona m'khutu."

A Job anati achotse. Sinachoke. Anakoka pang'ono, tsaya linatsatira.

"Alamu, mwaipaka chiyani foniyi?"

"Sayansi. Musagwedezeke."

"Nabanda, uza mwamuna wakoyu asiye ndevu zanga."

"Achimwene, gwirani mtengowo. Abambo a Tikhala, kokani kamodzi, osati pang'onopang'ono ngati mukuzula dzino."

A Job anagwira mtengo wa chisakasa, a Funsani anaponda pamimba paja kuti apeze mphamvu, nakoka. Kunamveka kuti pwe. Mtengo unazuka, chisakasa chonse chinagwa, bulangete ndi zitenje kuwakwirira atatuwo pamwamba pa chulu. Anthu panja anangoona mulu wa nsalu ukugubuduka, miyendo isanu ndi umodzi ikupalasa m'mwamba, mbuzi m'khola zikulira.

Kenako mulu uja unasiya kugubuduka.

M'kati mwa bulangete muja munali mdima weniweni tsopano, ndipo pakati pa mdimawo foni inali ikuwala ngati yangotuluka m'sitolo. Palibe nthenga, palibe gaga, palibe mkwingwirima ndi umodzi womwe. Chimene chinachitika n'chakuti Tikhala, podziwa abambo ake, asanatumize foni ija anamatapo kagalasi kena kopyapyala koteteza pamwamba. Sandipepa yense uja, vanishi yense uja, anathera pa kagalasi kameneko, ndipo tsopano kanali katamatuka n'kutsala patsaya pa a Job, ntchentche ili pomwepo.

Ndipo uyo Tikhala, mbee, ataima kutsogolo kwa chiholo chachikulu, atavala diresi la chitenje cha mayi ake, anthu akuwomba m'manja. A Nabanda anagwira pakamwa. A Job anaiwala tsaya. A Funsani misozi inangotsika yokha, koma pakamwa sipanaiwale ntchito yake.

"Mwaona, alamu? Kuwala kwatuluka. Ndimanena ine."

"Khalani chete, akulankhula," anatero a Nabanda.

Tikhala analankhula Chingerezi, analankhulako pang'ono cha kumeneko, anthu n'kuseka. Kenako anayang'ana molunjika kumene kunali Easter, namwetulira, n'kutembenukira ku Chinyanja.

"Akumudzi, ndikudziwa mukundiona. Ndafika pano chifukwa cha anthu ambiri. Koma koposa onse, ndithokoze a..."

Anatseka milomo kuti atchule dzina. Chithunzi chinaima pomwepo, milomo ili chitsekere. Foni inanjenjemera kamodzi ngati nkhuku yodulidwa khosi, n'kuzima. Batire.

Atatu aja anatuluka m'bulangete ali thukuta lokhalokha, dothi la chulu kumaso. Khamu lonse linaimirira.

"Watchula ndani?"

"Ababa," anatero a Funsani. "Milomo anatseka. Tanenani ababa muone ngati milomo sikumana."

"Amalume," anatero a Job, kagalasi kakuphanima patsaya. "Tanenani amalume. Milomo ikumana kapena ayi?"

Mudzi wonse unayamba kuyeserera. Abambo a pabawo, amayi a kwaya, aliyense akuyang'ana pakamwa pa mnzake: ababa, amalume, ababa, amalume, ngati nkhosa zotayika. Wina anakumbutsa kuti amayi nayenso amatseka milomo, mkangano n'kukhala wa patatu. Anadya mbuzi akutsutsana, anamwa thobwa akutsutsana. Kagalasi kaja anakachotsa ndi madzi ofunda ndi lezala, ndipo a Job anayenda mwezi wathunthu ndi ndevu za mbali imodzi, akuuza anthu kuti ndi sitayilo ya ku Joni.

Mpaka lero awiri aja palibe amene analimba mtima kumufunsa Tikhala. A Funsani amati iwo safunsa chinthu chimene anachiona ndi maso. A Job amati mwinimbumba sapempha umboni kwa mwana. Koma a Nabanda, foni itadya moto madzulo ake, anakwera chulu okha abambo aja akadali pa mkangano, n'kumuimbira mwana wawo. Zimenezi anauza mkazi wanga kumjigo, ndipo anamulumbiritsa kuti zisafike kwa amuna awiri aja, ndiye inunso mukatsika minibasi ino mwaiwala.

"Iwe, tandiuza ine mayi ako. Umati uthokoze ndani?"

"Kodi simunamve, amayi? Ndimati a Pulofesa."